Zikhatho za Kamano

Mlamu wa make Kamano sanatsegule chitseko chonse. Anangochikoka pang'ono, tcheni chili chokolowekabe, n'kutulutsa mphuno ndi diso limodzi.

"Mwana sapita lero," anatero.

Make Kamano anali atasita malaya kuyambira m'mawa kushopu yochapa zovala kumene ankagwira ntchito. Miyendo inali itatupa, msana ukuyaka. Anakwera masitepe a nyumba yosanjikizanayo akuganiza za beseni la madzi ofunda loviikamo mapazi, za ndewu ayi. Anayang'ana diso lija.

"Mwati bwanji, alamu?"

"Mwamva. Makutu muli nawo. Maso ndiye mulibe, chifukwa mukanakhala nawo bwenzi mutaona kuti mwana akudwala. Manja ake mwawaona? Mapazi? Ndi chikasu chimenechi. Chiwindi chikuola mwana ali moyo, inu muli kalikiliki kusita makabudula a amuna a eni."

Mkatimo Kamano anamva mawu a mayi wake nayamba kuitana. Kanali kamtsikana ka zaka ziwiri, ka mano akuthwa ngati a khoswe, ndipo dzinalo kanalipeza chifukwa choluma aliyense wokanyamula mosapempha. Chichokere bambo wake panyumba, atanyamula chikwama n'kukakhala kwa mlongo wake ameneyu, dongosolo linali lakuti masana mwana azikhala kwa azakhali ake, madzulo mayi wake azidzamutenga. Akazi awiriwo sankalankhulana. Ankangopatsirana mwana pakhomo ngati katundu wa pa basi, wina kupereka, wina kulandira, aliyense maso kumbali.

"Tsegulani chitseko, alamu. Sindinabwere kudzacheza."

Kumbuyo kwa mlamuyo kunatulukira bambo wa mwanayo, dalaivala wa magalimoto akuluakulu, ali mu vesiti, kamtengo kotokosera m'mano kali pakamwa. Ndiye kuti anali momwemo nthawi yonseyi, akumvetsera.

"Iwe, usasokose. Muno mumakhala anthu aulemu wawo."

"Mwabwera liti, bambo a Kamano? Mwana wanu mwamuzindikira, kapena achita kukuuzani kuti ndi uyu?"

Dalaivala analavula kamtengo kaja. "Pakamwa pakopo ndi pamene panandithamangitsa. Tamvera. Mawa tikupita naye kuchipatala. Dokotala akangoti ndi chikasu, ine ulendo wa kukhoti. Mwanayu sabwereranso m'kachipinda kako konunkha bulichi."

Chitseko chinatsekedwa. Make Kamano anachimenya ndi chikhatho mpaka dzanja linachita dzanzi. Zitseko za anthu oyandikana nazo zinatseguka pang'onopang'ono, mitu n'kusuzumira, koma cha mlamu wake chinangokhala gwa. Atamva kuti mwana akulira kwambiri chifukwa cha phokosolo, anasiya. Anatsika masitepe manja ali lendee, osanyamula kanthu.

Chomupweteka chinali chakuti mlamu wakeyo sananame. Zikhathozo iye anali ataziona kale. Tsiku lina akumusambitsa anapeza kuti mkati mwa manja ndi kunsi kwa mapazi mwasanduka mtundu wa dzungu lakupsa. Anakhula ndi sopo mpaka mwana anamuluma. Mtunduwo sunachoke, m'malo mwake unakwera kukafika m'mbali mwa mphuno. Sanauze munthu. Akanauza ndani? Kumuuza mlamu wake kukanakhala kumupatsa mpeni wogwirira kale kuchigwiriro.

Mlamu ameneyu anali atamubaya kale kamodzi. Mmawa wina polandira mwana pakhomo anamukweza m'mwamba n'kumutsitsa ngati akuyesa kulemera kwa nkhuku pamsika, kenaka anafunsa khoma kuti, "Kodi kwanuko amakudyetsa mphepo?" Mawuwo make Kamano anapita nawo kuntchito, nasita nawo malaya tsiku lonse. Mnzake wa pa tebulo losita, amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe chozimitsira, ndiye anamuonetsa za pafoni: zakudya zofiira ndi zachikasu, ati, zili ndi ma antiokisidanti, tizinthu totsuka dzimbiri m'magazi, mwana wodya zimenezo matenda amamuzungulira patali. Kuyambira pamenepo make Kamano ankadzera kumsika kukatola makaroti. Ankawawiritsa mpaka afewe, kuwanyenya ndi foloko, kuthira majarini wambiri kuti mwana anenepe, n'kumudyetsa mmawa asanachoke ndi madzulo asanagone. Manja atayamba kusintha, mantha anamuuza kuti mankhwalawo akuchepa. Anawonjezera dzungu.

Mmawa mwake anayamba wadzera kushopu kukapempha chilolezo chopita kuchipatala. Mwini shopuyo, bambo wouma khosi amene antchito ankamutcha Sitachi, dzina la mankhwala oumitsira malaya, iye kulibe, anamumvetsera akuyang'ana mulu wa nsalu za pabedi za kuhotela.

"Ana amadwala tsiku limene ntchito yachuluka basi," anatero. "Masana ndikuone pano. Ukapanda kubwera usavutike n'kubweranso."

Kuchipatala anawapeza ali pabenchi la odikira, pansi pa feni yosazungulira. Mlamu wake anali atamufungatira mwana pamiyendo, atamuveka diresi latsopano ndi masokosi, dzuwa lonse lija, kuti anthu asaone mapazi. Kamano ataona mayi wake anatambasula manja. Azakhali anamukanikiza pachifuwa.

"Musamugwire. Sitikudziwa kuti manja anuwo agwira chiyani."

"Agwira ntchito, alamu. Mwina simulidziwa fungo lake."

"Ntchito yake imeneyo ndi imene yamupatsa matenda. Zovala za odwala, za kumahotela, za anthu osadziwika, kenaka manja omwewo m'mbale ya mwana. Ine kwanga ngakhale supuni ndimaiwiritsa."

"Wiritsaninso lilime lanulo."

Mayi wina wa pabenchi lakutsogolo anaseka n'kubisa nkhope m'mpango. Dalaivala anali chiimire pakhoma akusewera ndi makiyi, ngati akazi awiriwo sakuwadziwa. Make Kamano anakhala kumapeto kwa benchi, pakati pawo pali bambo wokalamba wa mwendo womangidwa bandeji, amene ankangotembenuza mutu uku ndi uku ngati akuonera mpira. Nanga dokotala akati ndi chikasu? Nanga akati chachokeradi m'zovala zija? Anayang'ana manja ake, osweka ndi sopo, nawabisa pakati pa maondo.

Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, wa nkhope ya munthu amene wamva kale mabodza onse a padziko. Anawayang'ana atatuwo akukanikizana pakhomo.

"Mayi wa mwana ndani?"

"Ndine," anatero make Kamano.

"Koma womusamala ndine," anatero mlamu wake. "Adokotala, mwanayu ali ndi chikasu. Ine ndinaona kalekale, mayi wakeyu..."

"Mwabwera nalo dzina la matenda? Ndiye mwadzatani kuno? Muvuleni masokosi."

Anatenga dzanja la mwana n'kulitambasula, nayang'ana mapazi, nakanda pang'ono m'mbali mwa mphuno. Kenaka anamutengera pawindo, nakokera pansi chikope cha diso. Kamano anayesa kumuluma, koma dokotala anali atabweza kale chala. Anamutsegula pakamwa, namusisita pamimba kudzanja lamanja, pansi pa nthiti.

"Amatentha thupi? Amasanza? Mkodzo wake ndi wotani, wakuda ngati tiyi?"

"Ayi," anayankha akazi awiriwo pamodzi, kenaka n'kuyang'anana moipidwa chifukwa chogwirizana.

"Bwerani muone. Inunso bambo, siyani makiyiwo. Maso awa ali mbee. Chikasu cha chiwindi chimayambira m'maso, sichilumpha maso n'kukayamba kumapazi. Mwanayu amadya chiyani?"

Mlamu anawongola khosi. Funso limeneli anali akulidikira miyezi yonseyi.

"Kwa ine amadya zapamwamba, adokotala. Ndinagula makina ogayira zipatso chifukwa cha iyeyu. Mmawa akangofika ndimamugayira makaroti ndi mkaka, kapu yodzaza. Masana papaya ndi mango, kapena mbatata yofiira mkati. Asanapite, makaroti enanso, chifukwa ndimadziwa kuti kumene akupitako akagona ndi njala. Zonse za ma antiokisidanti. Manja atayamba kusintha ndinawonjezera, kuti magazi ayere."

Make Kamano anakumbukira madontho achikasu a pa malaya a mwana, amene ankawachapa madzulo akuganiza kuti ndi a chakudya chake cha mmawa.

"Nanga kwa inu, mayi?"

Akanatha kunama. Akanati phala ndi dzira, mlandu wonse n'kugwera mlamu wake, iye n'kutuluka m'chipindamo ali woyera. Lilime linafika pokonzeka. Koma dokotala anali akumuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo mwana amene ankakambidwayo anali wake.

"Makaroti owiritsa, onyenya, ndi majarini. Mmawa ndi madzulo. Masiku ano ndi dzungu."

Dalaivala ndiye anayamba kulankhula.

"Ndiye kuti mwana wanga akudya ngati mbuzi?"

"Mukanakhalapo bwenzi mukudziwa," anatero dokotala osamuyang'ana. Anavula magalasi n'kutikita maso. "Inu awiri, mumauzana zimene mwana wadya?"

Akazi awiriwo anayang'ana kumbali, aliyense kwake.

"Ndaona. Tamverani, ndinena kamodzi, panja pali anthu odwala zenizeni. Mtundu umene mumauona m'karoti, m'dzungu, m'papaya, umachokera ku chinthu chotchedwa karotini. Ndi mmodzi wa ma antiokisidanti anuwo, ndipo ndi wabwino. Koma sasungunuka m'madzi, amayenda ndi mafuta. Munthu akangotafuna karoti wamuwisi, wambiri amangodutsa m'matumbo n'kutuluka. Mukawiritsa, mukanyenya, n'kuthira majarini, mwamutsegulira njira, matumbo amayamwa wochuluka. Mukagaya m'makina n'kuthira mkaka, chimodzimodzi."

"Ndiye ndi majarini wakeyo," anadula mlamu. "Ndimadziwa ine."

"Ndi mkaka wanunso. Khalani chete. Thupi limatengapo amene likumufuna n'kupanga vitamini A wa maso ndi khungu. Likakwanitsa limachepetsa kupangako, silimvera kuti mwagula makina. Wotsalayo sachoka ndi mkodzo ngati vitamini C wa m'malalanje. Amakakhazikika m'mafuta a m'thupi ndi pakhungu, ndipo amaonekera kwambiri pamene khungu ndi lochindikala, m'zikhatho ndi kumapazi. Mwanayu mwamupaka utoto kuchokera mkati, nonse awiri, mosinthana."

"Si poizoni?" anafunsa make Kamano. Mawu anatuluka aang'ono, osakhala ake.

"Mtunduwo supha. Mukachepetsa uzilala wokha, koma pang'onopang'ono, zitenga masabata, mwina miyezi. Timutenga magazi kuti titsimikize za chiwindi ndi zina, ngakhale sindikuyembekeza kupeza kanthu. Chondikwiyitsa ine ndi china." Anagogoda khadi la sikelo la mwana ndi cholembera. "Sakukwera. Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Mukaidzaza makaroti kuyambira mmawa mpaka madzulo, dzira lilowa pati? Nyemba, nsomba, nyama, mpunga? Mwamukhutitsa, koma simunamudyetse. Karoti azidya, koma monga chakudya chimodzi pakati pa zinzake."

Dalaivala anakanda kukhosi. "Adokotala, ine ndimafuna kapepala. Kosonyeza kuti mwanayu kwa mayi wake sakusamalidwa bwino. Pali nkhani ya kukhoti."

"Ndikulemberani," anatero dokotala akuvala magalasi. "Ndilemba kuti mwanayu amadya chakudya chimodzi m'nyumba ziwiri zosalankhulana, ndipo bambo wake samadziwa. Mukufuna makope angati?"

Dalaivala sanafune ngakhale limodzi.

Atamutenga magazi, Kamano analira mpaka kusasa mawu, ndipo m'chipwirikiti cha thonje ndi pulasitala anapezeka ali m'manja mwa azakhali akenso. Onse anatulukira m'khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Make Kamano ankayembekeza kuti mwina mlamu wake achita manyazi, atsitsa maso, anena kanthu kofewa ngakhale kamodzi. Iyenso anali ndi kanthu kofewa kamene kanali pafupi kutuluka, poti onse awiri anali atagwa m'dzenje limodzi. Koma mlamuyo atafika pa chitseko chotulukira anakweza mwana paphewa n'kulankhula kwa mchimwene wake, ngati mayi wa mwanayo ndi mpando.

"Achimwene, mwamva nokha. Akuti mwana sakukwera sikelo. Usiku amagona kuti? Kwa ine masana amadya. Akhale kwathu mpaka mtunduwu utachoka, ndimukonze ndekha, popanda wina wosokoneza ndi majarini."

"Miyezi?" anafunsa make Kamano.

"Ngakhale chaka. Inu muzibwera Lamlungu kudzamuona, mutasamba m'manja."

Dalaivala anayang'ana mlongo wake, nayang'ana mkazi wake wakale, nayang'ana kumene anaimika galimoto. "Mwina zili bwino choncho," anatero. "Kwa kanthawi."

Make Kamano sanakuwe. Anayandikira, nalowetsa manja m'khwapa mwa mwana n'kukoka. Mlamu anagwiritsa miyendo. Kwa kamphindi mwana anali pakati ngati nsalu yofinyidwa, anthu a pakhomo la chipatala ataima n'kumaonerera. Kamano anatembenuka n'kuluma chimene chinali pafupi ndi pakamwa pake, ndipo chinali dzanja la azakhali. Azakhaliwo anamusiya.

"Mwamuphunzitsa ndinu zimenezi! Galu weniweni!"

Make Kamano anamukhazika mwana m'chiuno. Ankadziwa pamene mlamu wake ali ndi bala. Banja lonse linkadziwa, ndipo panalibe amene anapakhudzapo, ngakhale pa ndewu zoopsa. Mayiyo anali atayenda zipatala zambiri kufuna mwana, ukwati wake unathera pomwepo, ndipo kachipinda kamene Kamano ankagonamo masana kanapakidwa utoto kalekale kudikira mwana wina amene sanabwere. Make Kamano anazidziwa zonsezi, nalasa pomwepo.

"Mukafuna mwana womukonza, alamu, berekani wanu."

Nkhope ya mlamuyo inachita ngati yazimitsidwa. Sanatukwane. Anavula chikwama cha matewera paphewa, nachiika pansi bwinobwino pafupi ndi mapazi a make Kamano, nawongola siketi yake.

"Mawa musagogode," anatero motsitsa. "Kulibe amene adzatsegule."

Anatembenuka n'kumapita, msana uli chilili. Mchimwene wake anatsala pang'ono, chala chili m'mwamba.

"Iwe ndiwe njoka. Tikaonana kukhoti."

"Pitani. Akakufunsani zimene mwana amadya mudzati chiyani, udzu? Ndipo mukunyamuka liti, mawa kapena mkuja? Khoti silikwera galimoto yanu."

Anamusiya chala chili m'mwamba chomwecho. M'basi anakhala pawindo, mwana ali pamiyendo akuyamwa chala cha pulasitala. Mawu aja sanamusangalatse monga ankaganizira, koma sanafunenso kuwabweza. Akanawabweza, bwenzi mwana ali m'galimoto ina.

Anafika kushopu dzuwa litapendeka pang'ono. Mkatimo munali nthunzi, makina ochapira akulira, ma ayironi ali ndandanda pa matebulo, zingwe zake zikulendewera pamsinkhu weniweni wa mwana woyenda. Sitachi anatuluka m'kaofesi kake, nayang'ana mwana, nayang'ana mayi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mwana, bwana. Amaoneka chonchi."

"Pano si pa sukulu ya mkaka. Akapsa ndi ayironi, wopita kundende ndine. Mutulutse."

Make Kamano anadutsa pambali pake n'kulowa m'chipinda chakumbuyo chopindira zovala, kumene kunalibe moto kapena mankhwala. Anakhuthula dengu lalikulu la matawulo, nasiyamo awiri pansi, namukhazika mwana mkati, namupatsa mapegi oti azisewera nawo. Chitseko anachisiya chotsegula kuti azimuona ali pa tebulo lake. Kenaka anabwerera n'kumanga epuloni.

"Wandimva kapena ayi?" anatero Sitachi.

"Ndamva, bwana. Ndichotseni. Koma galimoto ya kuhotela ikubwera madzulo ano, ndipo uyu," analoza Wailesi, "akamasita malaya kolala imatuluka ngati khutu la galu. Musita nokha?"

"Iwe, ndalakwa chiyani ine?" anadandaula Wailesi.

Sitachi anayang'ana mulu wa nsalu uja nthawi yaitali.

"Sabata ino yokha. Lolemba ndikadzamuona muno, nonse awiri panja."

Analowa m'kaofesi n'kumenyetsa chitseko. Make Kamano anayala malaya oyamba, nayesa ayironi ndi dontho la madzi, nayamba ndi nsalu ya pamapewa kumsana monga mwa nthawi zonse. Wailesi anapirira pang'ono chabe, kenaka anasendera pafupi.

"Ndiye akuti chiyani adokotala? Ndi chikasu?"

"Akuti foni yako uiponye m'chimbudzi."

"Aa, koma zinalembedwa bwinobwino zija..."

"Tseka. Kumsewu wanu kuja, mayi uja amene amasunga ana a anthu masana, akadalipo?"

"Wa geti lobiriwira? Alipo. Koma ndi wamwano, ndipo ana ndi ambiri, amangowakhazika pamphasa ngati mabotolo."

"Amawadyetsa chiyani?"

"Palibe cha nzeru. Mpunga ndi nyemba, nthawi zina dzira."

Make Kamano anasuzumira kuchipinda chakumbuyo. Kamano anali ataluma pegi, akuyesetsa kuithyola. Mayi wake anatembenuza malaya n'kuyamba mkono.

"Tikaweruka undiperekeze," anatero.